Chaka Chimene Tinaika Boyila ya Gasi ku Ngong

Ntchito yanga panyumba ya asisitere okalamba ku Ngong inali yoyang'anira zomanga ndi zokonzakonza. Za mipope ndinaphunzira ku Blantyre ndili mnyamata, kenaka ndinagwira ntchito pamishoni ina kwathu ku Dedza zaka zambiri. Mpingo utandipempha kuti ndipite ku Kenya ndinavomera osafunsa n'komwe za nyengo. Ndinkati munthu wa ku Dedza sangaope kuzizira. Koma kuzizira kwa ku Ngong m'mwezi wa Julaye n'konyowa. Nkhungu imatsika m'mapiri muja n'kulowerera m'makoma amiyala, zofunda n'kumakhala ngati wina waziwaza madzi.

M'nyumbamo munkakhala asisitere khumi ndi anayi, ambiri oyendera ndodo, awiri osadzuka pabedi. Kuseri kwa khitchini kunali ng'anjo yakalekale, thanki yachitsulo yomangiridwa m'njerwa, yotenthetsa madzi osamba. Zipinda zogona sizinkafunda ayi. Wosonkha moto pang'anjopo anali bambo wina wa komweko, wamtali, wa mapewa ngati chitseko, ndipo tonse tinkangowatchula kuti mzee wankhuni, mzee kutanthauza mdala m'Chiswahili. Ine ndinawapeza, ngakhale asisitere ena anawapezanso. Nkhwangwa inali yawoyawo. Ankainola pamwala m'mawa uliwonse ndipo sankalola munthu kuigwira.

Chaka chimenecho sisitere mmodzi anamwalira ndi chibayo, wina anagona m'chipatala milungu itatu. Amayi akulu a nyumbayo, sisitere amene ankatsogolera anzawo, anapeza anthu akufuna kwabwino amene anatipatsa boyila ya gasi. Boyilayo imatenthetsa madzi, madziwo n'kumazungulira m'mapaipi ndi m'maredieta, zitsulo zoyera zokoloweka pakhoma m'chipinda chilichonse. Amayi akuluwo anandiitana muofesi n'kundituma zinthu ziwiri. Ndipeze mmisiri wodziwa za gasi. Ndikhalenso pansi ndi mzee wankhuni, ndiwauze kuti ng'anjo igwetsedwa koma iwo sachotsedwa ntchito, asamukira kudimba.

Mmisiri ndinamupeza sabata yomweyo. Zouza mzee ndinkangoti mawa. Chiswahili changa chinali cha mumsika ndi m'maminibasi amene kumeneko amati matatu, osati chouzira munthu wamkulu kuti ntchito imene wakalamba nayo yatha. Komanso, ndinene zoona, ndinkawaopa. Ndinkati ndikayandikira n'kumva nkhwangwa ikung'amba chipika, ndinkangopereka moni n'kupitirira.

Kumeneko mmisiri amati fundi. A fundi amene ndinawapeza ankakhala ku Rongai, tauni ina yapafupi, munthu wamfupi, woonda, wa imvi zapatalipatali, wosachedwa pa mawu. Luso lawo analipeza m'nyumba za akazembe ku Muthaiga, mumzinda wa Nairobi, ndipo chiphaso chawo cha ntchito za gasi anandionetsa ndisanachipemphe. Tinkalankhulana Chingerezi chosakaniza ndi Chiswahili, ndipo tinkamvana.

Katundu anafika Lolemba m'mawa: bokosi la boyila, maredieta, ndi mitolo ya mapaipi akopa. Amayi akulu anali atapita ku tauni. A fundi anazungulira nyumba yonse ndi tepi yoyezera, kenaka anaima pa kachipinda kamene ng'anjo inatsamirako.

"Boyila ikhala pakhoma ili, chumuni ituluka apa," anatero. "Ng'anjoyi igwe lero."

Moto wa m'mawa unali utazilala, ndipo mzee anali atatsikira kumunsi kwa mpanda kukatenga nkhuni. Tinakhuthula madzi m'thanki. A fundi anatenga chihamala n'kuyamba kuphwanya njerwa.

Mzee anatulukira ndi wilibala yodzaza, nkhwangwa ili pamwamba. Anaima. Anayang'ana njerwa zimene zinali mbwee pansi, anayang'ana mabokosi, kenaka a fundi.

"Ukuchita chiyani iwe?"

"Funsani abwana anuwo," a fundi anayankha osatembenuka.

Mzee anandiyang'ana. Ndinayamba kusakasaka mawu, ndinangoti, "Mzee, ndimafuna ndikuuzeni." Sanadikire. Anasiya wilibala, nkhuni n'kukhuthuka, anagwira a fundi pakolala n'kuwanyamula ngati thumba la madeya, kuwaponya pamulu wa njerwa. Asanadzuke anawatchaya chibakera pakamwa. Ndinamva dzino likuthyoka. Magazi anayenderera pachibwano mpaka paovolosi. Mzee anatola nkhwangwa ija n'kutema redieta imene inali pamwamba pa zinzake, inang'ambika ngati chitini. Anatemanso kachiwiri. Kenaka anatembenukira ku bokosi la boyila n'kukweza nkhwangwa.

A fundi, ali chigonere, anatola chidutswa cha paipi yachitsulo n'kumenya mzee pamsongolo. Mzee anadzandira, nkhwangwa inaphonya n'kutema simenti. Mlonda wa pageti ndi bambo wophika anathamanga kudzawagwira, mmodzi mkono uwu wina uwu, ndipo onse atatu anagwa pansi akulimbana. Ine ndinali chiimire. Pamawindo panali nkhope za asisitere.

Manyazi ndi amene anandikwiyitsa. Ndinkadziwa kuti wolakwa ndine, ndipo chifukwa chodziwa chomwecho ndinakalipa koposa.

"Tulukani. Tengani nkhwangwa yanuyo, musadzapondenso pano."

Za kudimba sindinatchule. Anatuluka akutsimphina, mlonda ali pambuyo. Madzulo amayi akulu atabwera ndinawafotokozera za ndewuyo. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenaka anafunsa, "Koma munali mutawauza za kudimba?"

"Ndinawauza, amayi."

Anapukusa mutu n'kunena kuti ndiye palibe chochita.

A fundi anabwera m'mawa mwake milomo ili yotupa, ndipo za dzulo sanazitchule. Tinamaliza kugwetsa ng'anjo. Masiku otsatira tinkaboola makoma. Miyala ya ku Ngong n'njolimba, makina oboolera ankatentha mpaka kununkha, malo ena tinkachita kugwiritsa tchizulo ndi hamala mpaka m'manja kuchita matuza. Tinayala mapaipi awiriawiri m'mbali mwa khonde lonse, ina yopititsa madzi otentha, ina yowabweza akazizira. A fundi ankadula kopa, kupala nsonga yake mpaka kuwala, kenaka kuwotcherera. Ankagwira ntchito mwaukhondo kwambiri. Akamaliza polumikiza ankapukutapo ndi kansanza ngakhale pamalo pamene padzabisike kuseri kwa kabati.

Tinakoloweka maredieta, chipinda ndi chipinda, asisitere akutiyang'ana ali m'mabulangete. Boyila yeniyeniyo inandidabwitsa kuchepa kwake. Inali ngati kabati ya m'khitchini, anthu awiri tinainyamula n'kuikoloweka pa chitsulo chimene tinakhomera pakhoma. A fundi anaboola bowo la chumuni, anaipendeketsa pang'ono monga buku linanenera, n'kumata m'mbali kuti utsi usabwerere m'nyumba. Anatsegulanso boyila m'kati n'kusintha timabowo totulukira gasi, chifukwa, anati, boyilayi anaipangira gasi wa m'mapaipi a m'misewu ya kunja, pamene kuno timagwiritsa gasi wa m'thanki, amene amayaka mosiyana.

Thanki ya gasi anadzaiika ena, panja, kutali ndi mawindo, mkati mwa kampanda ka waya. Chotsala chinali kulumikiza paipi yochokera kuthankiko ndi ya m'nyumba. Lachisanu la sabata yachiwiri tinapeza kuti cholumikizira chamkuwa chimene chinabwera m'bokosi sichikugwirizana mazinga ndi paipi yathu. A fundi anati tisakakamize, titsikire m'tauni ya Ngong tikapeze china.

Zidutswa za kopa zotsala amayi akulu anali atawapatsa a fundi. Anazilonga m'thumba la saka kuti akazisiye kusitolo ya mnzawo. Ine ndinanyamuka mu ovolosi momwemo, sipanala yaikulu yomangira mapaipi ili m'thumba la pantchafu. Ndinangoiwala kuisiya.

Nthawi inali isanakwane 12 koloko masana. Cholumikizira tinachipeza m'sitolo yachiwiri. Tikudutsa pafupi ndi siteji ya matatu, pamene amaimanso anyamata a njinga zamoto aja amati bodaboda, ndinaona mzee wankhuni. Ankakankha mkokoteni, ngolo yapamanja ija, itadzaza matumba a mbatata. Munthu wa msinkhu wawo, thukuta lili kamukamu m'kuzizira konse kuja. Nawonso anationa. Anatsitsa ngolo, anayang'ana thumba limene linali paphewa pa a fundi, n'kuloza.

"Mwizi," anakuwa. Ndiye kuti wakuba. "Mwizi. Waba mapaipi kwa asisitere."

Masiku amenewo anthu anali otopa ndi akuba mapaipi ndi mamita amadzi m'makomo. Sanafunse kanthu. Wina anatsomphola thumba lija n'kulikhuthula pamsewu, kopa n'kuti ngwee padzuwa. Basi umboni unakwana. Woyamba kumenya anali mwamuna wovala chipewa cha njinga yamoto, anachivula n'kumenya nacho a fundi kumutu. A fundi anagwada. Anayesa kupisa m'thumba la malaya kuti atulutse chiphaso chawo, koma wina anawaponda pamsana, nkhope n'kugunda phula.

Anthu anachokera mbali zonse, m'masitolo, m'matatu, mumsika. Ena anali ndi matabwa, ena miyala. Mayi wina wovala bwino, chikwama chili kukhwapa, anavula nsapato n'kumenyako kawiri, kenaka anaivala n'kumapita. Ine ndinkakankha anthu ndikukuwa kuti si wakuba, ndi fundi, ndikugwira naye ntchito. Patapita nthawi ndinazindikira kuti ndikukuwa m'Chichewa. Chiswahili chonse chinali chitathawa m'mutu, Chingerezi chomwe. Wina anandigwira pakhosi n'kundifunsa kuti ndine wa kuti, ndipo ndisanayankhe anandiomba mbama n'kundikankhira kunja kwa gulu. Ndinagwera m'ngalande.

Nditadzuka ndinaona kudzera m'miyendo ya anthu. A fundi anali atadzipinda, manja ataphimba mutu. Mwamuna wina ananyamula mwala waukulu wa m'mphepete mwa msewu ndi manja awiri n'kuuponya. Unagwera padzanja lamanja. A fundi sanakuwe. Anangotulutsa kamawu ngati munthu wotsamwa, dzanja lija n'kugwa pambali, zala zitaloza kosayenera.

Kenaka wina anabwera akugubuduza tayala. Ndinali nditamvapo za zimenezi, kwathu komwe zimachitika, koma ndinali ndisanaonepo. Anawadzutsa a fundi n'kuwakhazika, kuwaveka tayala lija mpaka m'mapewa. Wina anasolola kapaipi pa njinga yamoto n'kukhetsera petulo m'botolo. Anawathira kumutu. Fungo lake linafika mpaka pamene ndinali. Anthu anayamba kufutukira m'mbuyo, ena akufunsana machesi.

Pamene gulu linafutuka m'pamene ndinaona mzee wankhuni pakati. Anali atawerama pa a fundi, manja onse awiri ali patayala, akukuwa mawu amene sindinawamve. M'maso mwanga ndinaona munthu akukanikiza tayala kuti lilowe bwino. Sindikumbukira ndikutulutsa sipanala. Ndimakumbukira kulemera kwake m'dzanja, ndi kuti ndinathamanga, ndi kuti ndinaikweza ndi manja awiri monga mzee ankakwezera nkhwangwa. Ndinawamenya cham'mbali, pansagwada. Kunamveka ngati ukuthyola nthambi youma. Munthu wamkulu uja anagwa cham'mbali, magazi ndi mano zikutuluka m'kamwa, maso ali tong'o kundiyang'ana.

Ndinakwezanso sipanala. Ichi ndimachinena chifukwa n'choona. Munthu anali pansi kale, ndipo ine ndinafuna kumenyanso. Thabwa limene linandipeza kunkhongo ndi limene linandiletsa. Ndinagwa pamwamba pa miyendo ya a fundi, ndipo gulu linanditembenukira. Mateche a m'nthiti ndinawerenga atatu, enawo sindikudziwa. Petulo wa pa zovala za a fundi anandilowa m'maso. Ndinamva kulira kwa mfuti kawiri, mapazi akuthawa, kenaka nsapato zazikulu za apolisi pafupi ndi nkhope yanga.

Tonse atatu anatinyamula m'galimoto imodzi. Ine anandisoka m'mutu, nthiti ziwiri zinali zosweka. A fundi anathyoka nthiti zinayi, diso lamanzere linawonongeka, ndipo dzanja lamanja madokotala analimbana nalo maola ambiri. Mzee anawamanga nsagwada ndi mawaya.

Tsiku lachiwiri mkazi wanga, amene ndinasamuka naye ku Dedza, anabwera ndi mayi wina wogulitsa tomato mumsika wa ku Ngong, amene ankaimba naye kwaya kutchalitchi. Mayiyo anaona zonse ali pabenchi pake. Anakhala m'mphepete mwa bedi, anandipepesa, kenaka anayang'ana mkazi wanga ngati akupempha chilolezo.

"Auzeni," mkazi wanga anatero.

"Bambo, munthu munamumenya uja ankachotsa tayala," anatero mayiyo. "Ataona petulo anayamba kukuwa kuti wanama, fundi sanabe, mapaipi anachita kupatsidwa. Anthu sanamumvere. Ndiye analowa pakati kuti alivule yekha. Linali litafika m'makutu pamene munafika inu."

Ndinatembenukira kukhoma ngakhale nthiti zinkabaya. Mkazi wanga sananditonthoze. Anangoti, "Abambo, pali zina zimene simunanene. Ndakhala nanu zaka zambiri, ndikuona."

Amayi akulu atabwera kudzationa ndinawauza zonse, kuti za kudimba sindinanene, ndipo kuti ndinawanamiza. Anali mayi wachikulire wa ku Uganda, wosakweza mawu.

"Anthu atatu ali m'chipatala chifukwa munaopa kulankhula mphindi zisanu," anatero. "Sindikuchotsani ntchito. Mukatuluka mupita nokha kwa mzee. Mukatero mumaliza boyila, asisitere akuzizidwabe."

Apolisi analemba mawu athu. Ine ndinanena za sipanala. A fundi anati sakudziwa amene anayamba kukuwa, ngakhale ankadziwa. Mzee, polemba papepala, anati sakudziwa amene anawamenya. Oponya miyala aja sanapezeke ndi mmodzi yemwe. Nkhani inathera pomwepo.

Kwa mzee ndinapita patatha milungu itatu. Ankakhala m'chipinda chimodzi chamalata kumunsi kwa tauni. Mawu oti ndikanene ndinachita kuloweza, bambo wophika uja atandithandiza Chiswahili chake. Akazi awo ananditsegulira koma sanandipatse mpando. Mzee anali pabedi, ataonda, nkhope yokhota, akumwa phala lamadzimadzi ndi kapaipi kapulasitiki. Ndinagwada pakhomo n'kunena zonse: kuti ntchito yawo inali isanathe, kuti ndine ndinabisa uthenga, kuti ndine ndinawamenya, kuti malo awo kudimba alipobe.

Anamvetsera mpaka kumapeto. Kenaka anatenga kapu ya phala ija n'kundigenda nayo. Inandipeza pachifuwa, phala lotentha n'kulowa m'malaya. Anayesa kulankhula koma mawaya aja sanalole, kunangotuluka mkokomo ndi malovu. Anayamba kudzimenya pantchafu ndi chibakera, mobwerezabwereza, mpaka akazi awo anawagwira dzanja.

"Pitani," mayiwo anandiuza. "Mwanena, amva. Pitani."

A fundi anabwerera kuntchito mu Ogasiti, kukuzizirabe. Amayi akulu anafuna kuitana mmisiri wina, koma iwo anakana, anati ntchito imene anaiyamba saisiyira munthu. Anafika dzanja lili m'chikhakha, diso lomata ndi thonje. Ndinawaikira mpando m'kachipinda ka boyila.

"Ine ndikhala maso, ngakhale latsala limodzi," anatero. "Inu mukhala manja. Musachite chimene sindinanene."

Cholumikizira chija chinali chitasowa pachipwirikiti, ndinali nditagula china. Tinayambira kuthanki. Ndinamanga kachipangizo kochepetsa mphamvu ya gasi, kenaka valavu yotsekera panja, ina yotsekera m'kati pafupi ndi boyila. Sipanala yanga yakale inatsala kupolisi, ndinkagwiritsa ya a fundi. Nditangoyamba kumanga nayo, mano a sipanala ankangoterereka pamkuwa.

"Mukuwononga mazinga," anatero a fundi. "Siyani. Pumani. Yambaninso."

Titamaliza kumanga sanalole kutsegula gasi. Anandiuza kuti ndilumikize geji yoyezera mphamvu ya mpweya, ndipope mpweya m'paipi, titseke, tidikire. Tinakhala tikuyang'ana muvi wa geji. Kwa kanthawi unaima, kenaka unayamba kutsika pang'onopang'ono.

"Ikudontha. Tengani sopo."

Ndinasungunula sopo m'kapu n'kumapaka thovu polumikiza paliponse ndi kaburashi. Pa cholumikizira chatsopano chija thovu linayamba kufufuma timabaluni. Ndinati ndingolimbitsa pang'ono, ndipo ndinali nditaika kale sipanala. A fundi anandimenya pamkono ndi rula yachitsulo imene inali m'dzanja lawo lamanzere. Anamenya zenizeni, mpaka panatuluka mzere wamagazi.

"Ndati musachite chimene sindinanene. Mukakakamiza mkuwa umang'aluka m'kati, lero osaoneka, chaka chamawa nyumba yonse ndi amayi awa kupsa. Ine petulo ndamumva pathupi panga. Masulani chonse."

Kanali koyamba kutchula za tsiku lija. Ndinamasula, ndinapukuta mazinga, ndinakulunga tepi yake ya gasi monga anandiuzira, n'kumanganso. Geji inatsikabe. Ndinamasulanso. Kachitatu muvi unaima nji. A fundi anayang'ana wotchi mpaka nthawi imene ankafuna inakwana, kenaka anati ndipakenso sopo paliponse, ngakhale pamene panalibe vuto. Thovu linangokhala phee.

Tinadzaza madzi m'mapaipi. Ndinayenda chipinda ndi chipinda ndi kakiyi kotulutsira mpweya m'maredieta, kutsegula mpaka mpweya utasiya kufwenthera n'kuyamba kutuluka madzi. Sisitere wina wosadzuka pabedi anandifunsa ngati ndine amene ndinamenya munthu ndi chitsulo. Ndinati ndine. Anati wamva, ndipo anatembenuzira nkhope kuwindo.

Nditabwerera a fundi anati nditsegule valavu ya kuthanki, kenaka ya m'kati, titulutse mpweya wotsala m'paipi chitseko ndi windo zili zotsegula. Kafungo ka gasi katangomveka anadzuka pampando n'kutuluka panja. Ndinawapeza atatsamira khoma akusanza. Ndinatseka valavu n'kuwadikira. Atapukuta pakamwa analowanso okha, anadikira fungo lithe, n'kukhala pansi.

"Yatsani."

Ndinadina batani. Pampu inayamba kulira pansipansi, kunamveka kuthetheka katatu, kenaka moto unagwira. Pakagalasi koonera tinaona malawi obiriwira ngati thambo, ofanana msinkhu, opanda chikasu. A fundi anayandikitsa diso lawo lotsalalo n'kuyang'ana nthawi yaitali. Anandituma panja kukaona ngati chumuni ikutulutsa bwino, anapima utsi ndi kachipangizo kawo, anandiuza pokhotetsa pang'ono, anapimanso. Kenaka anati ndizimitse ndi kuyatsa kasanu, ndipo nditseke gasi moto uli mkati kuti tione ngati boyila idzizimitsa yokha. Inadzizimitsa.

Patatha theka la ola paipi ya m'khonde inayamba kufunda. Asisitere oyenda anatuluka m'zipinda n'kumagwira maredieta ndi zikhato, ena kuyanikapo masokosi. Amayi akulu anabwera kudzathokoza a fundi, ndipo a fundi anawaonetsa valavu yofunika kutseka akamva fungo, n'kuwauza kuti aitseke ndi kuitsegula okha kawiri iwo akuona. Analemba pepala lotsimikiza ntchito ndi dzanja lamanzere, zilembo zokhotakhota ngati za mwana wa sitandade wani.

Ndinawaperekeza ku Rongai pagalimoto ya asisitere, dzuwa likadalipo. Titayandikira tauni anati tisadzere pasiteji. Ndinakhotera kanjira kafumbi kodutsa kuseri, kokumbikakumbika, ndipo bampu iliyonse inkatipweteka tonse awiri m'nthiti. Ndinkafuna kuwapepesa, chifukwa iwonso ndinali ndisanawauze kuti chiyambi cha zonse ndine. Ndinawauza tikulowa mu Rongai, tili pamzere wa magalimoto. Anamvetsera akuyang'ana kutsogolo.

"Ndinadziwa tsiku loyamba lomwe lija," anatero. "Munthu wouzidwa sabwera ndi wilibala yodzaza nkhuni."

Pageti pawo ndinawatsitsira bokosi la zida. Dzanja lija silinabwererenso mwakale, zala ziwiri zinauma, ndipo ntchito zowotcherera kopa anasiya. Zaka ziwiri zimene ndinakhalabe ku Ngong ankabwera kuzizira kusanayambe kudzayendera boyila, iwo kunena, ine kumanga. Koma tsiku limene ndinawaperekezalo, ndisanakwere galimoto, anandiitana.

"Munthu uja wayamba kudya?"

Ndinati sindikudziwa.

"Mukafufuze."

Ndinapita kwa mzee Loweruka lake. M'chipinda chamalata chija munali mutalowa anthu ena. Mayi woyandikana nawo anati mawaya anawachotsa, koma pakamwa sipankatsekeka bwino, ndipo mkokoteni sakanathanso kukankha. Ana awo anabwera kudzawatenga, anapita nawo kumudzi. Ndinafunsa dzina la mudziwo. Anati sakulidziwa, amangodziwa kuti basi yake imakwereredwa m'tauni ya Nairobi ndipo imayenda tsiku lonse.